TIWERENGE MPAKA PAMENE NKHANI YATHERA

Mau olankhulidwa pa tsiku lokumbukira chiyambi cha Chigwirizano cha Amai

 Ena mwa inu mwalawira kusanache, ena mwakwera ngolo, ena mwabwera pa kabaza mutakulunga Baibulo m'chitenje kuti lisadye fumbi la m'njira. Mulungu akudalitseni chifukwa cha ulendo wanuwo.

Chigwirizano chinayamba mu mpingo wathu wa Nkhoma m'chaka cha 1940, pa nthawi imene amai odziwa kuwerenga anali owerengeka m'midzi muno. Pa tsiku longa lino timakonda kukumbutsana ntchito zabwino: odwala amene tinawayendera, maliro amene tinaphikapo, atsikana amene tinawalangiza, nyumba za Mulungu zimene tinazira ndi kusesa. Zonsezo n'zoona, ndipo ena azinena bwino kuposa ife. Ife tapatsidwa nkhani ya kuwerenga Baibulo mosamala ndi kufunafuna nzeru ya Mulungu. Titakhala pansi kuiganizira, tinaona kuti sitingailankhule moona mtima tisanaulule cholakwa chimene ife eni tinachita, Buku Lopatulika lili m'manja mwathu.

Zaka zingapo zapitazo mnzathu wina wa Chigwirizano, wa m'mudzi wina wa kuno kwathu, anataya mwana wamwamuna amene anadwala malungo masiku atatu okha. Anali mwana wachiwiri kumuika m'manda. Dzina la maiyo sititchula, ndipo amene mukumudziwa musungeni m'mtima. Zovuta zitatha, anthu atabalalika pa siwa, tinapangana kuti tikamuone monga mwa mwambo wathu. Tinasenza ufa, nkhuni ndi kasopo, tinavala zoyera zathu, tinakakhala naye pa mphasa kuseri kwa nyumba. Itafika nthawi ya mau, mmodzi wa ife anatsegula buku la Yobu, pakuti aliyense amadziwa kuti Yobu ndilo buku la anthu osautsidwa. Maso ake anagwera pa mutu 4, ndipo anawerenga ndime 7 ndi 8. Tanthauzo la ndimezo ndi lakuti tsoka siligwera munthu wopanda mlandu, ndi kuti zowawa zimene munthu akukolola n'zimene anadzala yekha. Tonse tinavomera Amen, tinaimba nyimbo, tinapemphera, tinatsazika. M'njira tinali kuyamikirana kuti ntchito ya Ambuye tagwira.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti m'mudzimo anthu anali atayamba kale kunong'onezana za tsempho. Anali kunena kuti ana safa awiri m'nyumba imodzi popanda wina wolumpha mwambo, ndipo chala chinali kuloza mai wa anawo. Tsono ife, amene anatiyembekeza kuti timupukute misozi, tinafika ndi Baibulo n'kusindikiza chidindo pa miseche ya m'mudzi. Kuyambira tsiku limenelo mnzathuyo sanaonekenso pa Chigwirizano. Kutchalitchi ankabwera mochedwa, n'kukhala kumbuyo, n'kutuluka nyimbo yotsiriza isanathe. Ife tinati chisoni chamufooketsa, ndipo ena anayamba kunena kuti wabwerera m'mbuyo.

Papita miyezi, abusa anatitsogolera pa phunziro la buku la Yobu, kuyambira mutu 1 mpaka mutu 42, pang'ono pang'ono. Apo m'pamene manyazi anatigwira. Mau aja tinawerenga pa mphasa paja sanali mau a Mulungu kwa Yobu ai. Anali mau a Elifazi wa ku Temani, mmodzi wa abwenzi atatu amene anabwera kudzapepesa Yobu atataya ana ake khumi tsiku limodzi. Abwenziwo anayamba bwino: anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osatsegula pakamwa. Atayamba kulankhula, anamuunjikira milandu. Ndipo pa mutu 42 ndime 7 Mulungu mwini akuuza Elifazi yemweyo kuti wamukwiyira iye ndi anzake awiri, chifukwa zimene ananena za Mulungu sizinali zolondola. Taonani tsono, amai: mau amene Mulungu anawakana kumapeto kwa buku, ife tinawatola pakati pa buku n'kukawapereka kwa mai wofedwa ngati mankhwala. Analembedwadi m'Baibulo, inde, koma analembedwa kuti tione m'mene wopepesa angalasire mnzake pa bala. Tikadawerenga mpaka pamene nkhani yathera, sitikadachita zimenezo.

Ndipo tikadakumbukira Ambuye Yesu, tikadadziwa kuti Iye anakana kale maganizo a Elifazi. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafuna kudziwa amene anachimwa, iye kapena makolo ake, ndipo Ambuye anawaonetsa kuti funso lao linali lolakwika. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nakana kuti iwowo anali oipa kuposa anzao otsala. Zonsezi zinali m'Buku lomwelo limene linali pa miyendo yathu.

Kodi chizolowezi chotola ndime imodzi n'kuthawa nayo chinachokera kuti? Mwina ambiri sitidziwa kuti manambala amene timaona m'Baibulo sanalembedwe ndi Mose, kapena Yesaya, kapena Paulo. Mitu monga tikuidziwira lero inagawidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo amene amatchulidwa pa ntchitoyo ndi Stephen Langton, amene anakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury, ku England. Manambala a ndime za Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi Robert Estienne, wosindikiza mabuku wa ku France, m'buku limene analitulutsa ku Geneva m'chaka cha 1551. Anthu amenewa anatithandiza kwambiri, pakuti popanda iwo abusa akanati titsegule pakutipakuti tikanafufuza mpaka dzuwa kulowa. Koma manambalawo ali ngati zikhomo za m'munda: amatithandiza kupeza mzere, koma sindiwo chimanga. Paulo polembera Afilipi analemba kalata, ndipo inawerengedwa pamaso pa mpingo monga kalata, kuyambira moni mpaka kutsazika.

Agogo athu amene muli pano mukumbukira masiku aja amuna ankapita ku Joni pa Wenela, ena ku Salisbury. Kalata ikafika, mai wosadziwa kuwerenga ankaitana mwana wa sukulu kapena mphunzitsi. Tiyerekeze kuti wowerengayo wafika pa mzere wakuti mwezi uno ndalama sinditumiza, basi n'kupinda kalata. Maiyo akagona ndi njala ya mtima, mwina akayamba kuganiza kuti bambo apeza mkazi wina kumeneko. Chonsecho mzere wotsatira ukuti sinditumiza chifukwa ndikubwera nazo ndekha. Palibe mai amene akanalola kuti kalata ya mwamuna wake iwerengedwe motero. Akanati bwereza, yamba poyamba, usadumphe. Nanga bwanji kalata ya Mulungu timalola kuti iwerengedwe mzere umodzi?

Tisaiwalenso thukuta limene linagwa kuti Bukuli lilankhule chinenero chathu. Amishoni oyamba a mpingo wathu, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa pa Mvera m'chaka cha 1889. Pambuyo pake W.H. Murray, pamodzi ndi amishoni anzake a mipingo ina ndi aphunzitsi a kuno kwathu amene ankamuuza m'mene Achewa ndi Amang'anja amayankhulira, anakhala zaka zambiri akutembenuza Baibulo, ndipo gawo lina la ntchitoyo linachitikira pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chaka cha 1922. Anansi athu a Katolika, monga a ku Nambuma ndi a ku Namitete, analandira lao lotchedwa Malembo Oyera m'chaka cha 1966, ndipo m'chaka cha 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene mipingo inalimasulira pamodzi m'Chichewa chosavuta. Anthu amenewa ankatha tsiku akukambirana liu limodzi. Sanatembenuze ndime zokoma zokha n'kusiya zina. Anatembenuza mabuku onse 66, ngakhale mndandanda wa maina a m'buku la Numeri umene ambiri timaudumpha. Ngati iwo anadekha chotero polemba, ife tingathamange bwanji powerenga?

Pano tinenepo pang'ono za mabuku awiriwa. Ena a ife tinakulira Buku Lopatulika lakale lija lolemba c pamene lero timalemba ch, ndipo adzukulu athu akaliona amapunthwa pa liu loyamba lomwe. Mau ake ena ndi akale, ena ndi a kumwera. Si tchimo kuika Buku Loyera pambali pake ndi kuyerekeza. Pamene lina likuti Yehova, linalo likuti Chauta, koma Mulungu ndi yemweyo; ndipo kawirikawiri ndime imene yatikanika m'buku lina imamasuka m'buku linzake.

Tsono wina anganene kuti, kodi mau a m'Baibulo angapweteke munthu? Tiyeni tikumbuke kuti pa Mateyu 4, Satana poyesa Ambuye wathu pamwamba pa Kachisi anatenga mau a mu Salmo 91 n'kuwagwiritsa ntchito. Mdaniyo Malembo amawadziwa, ndipo amawadula bwino lomwe. Ambuye anamuyankha ndi mau a m'buku la Deuteronomo, kutionetsa kuti Malembo amamasulirana okhaokha, ndipo ndime imodzi siingaime yokha kutsutsana ndi zinzake zonse.

Sitifunika kupita ku Yerusalemu kuti tione zimenezi. Ilipo ndime imodzi imene amuna ambiri a pa Nsaru ndi pa Mpingu amaidziwa pamtima, ngakhale amene anasiya kalekale kuponda pa khomo la tchalitchi. Ndi 1 Timoteo 5 ndime 23, pamene Paulo akulangiza Timoteo za vinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba mwake modwaladwala. Fodya akangogulidwa, odwala m'mimba amachuluka modabwitsa! Koma afunseni za Miyambo 23 kuyambira ndime 29, pamene akufotokoza maso ofiira ndi mabala opanda chifukwa a munthu wokhalitsa pa mowa, mudzaona kuti tsamba limenelo m'Baibulo lao munalibe. Mukuseka, amai, ndipo nafenso tikuseka. Koma ife tinachita chimodzimodzi ndi Elifazi, ndipo zathu zinali zosaseketsa.

Ina ndi yoopsa kuposa pamenepo. M'midzi yathu muli agogo okalamba, makamaka amai amasiye, amene akugona ndi mantha chifukwa mwana akadwala kapena mphenzi ikagwa anthu amawaloza kuti ndi mfiti. Ena amenyedwa, ena awotcheredwa nyumba, ena aphedwa ndi adzukulu ao omwe. Nkhani zotere tazimva pa wailesi kochokera m'maboma osiyanasiyana a dziko lino. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakati pa olozawo pamakhala Akristu, ndipo amatchula Eksodo 22 ndime 18, imene ikunena za chilango cha wanyanga mu Israyeli. Amai, tsegulani pamenepo mukafika kunyumba, ndipo musatseke msanga. Tsikani ndime zinai zokha. Pa ndime 22 mpaka 24 Mulungu akuletsa kuzunza mkazi wamasiye ndi mwana wamasiye, ndipo akuchenjeza kuti akadzalira kwa Iye adzamva kulira kwao, ndipo mkwiyo wake udzayakira wozunzayo. Tsamba lake ndi lomwelo! Bwererani m'mbuyo mitu iwiri, mupeza Malamulo Khumi amene tinaloweza m'kalasi, ndipo limodzi likuletsa kupha, lina likuletsa kunamizira mnzako. Pitani pa Deuteronomo 19, mupeza kuti mu Israyeli munthu sankatsutsidwa pa mau a mboni imodzi, ndipo mboni yonama inkalandira chilango chimene inafunira mnzake. Nanga maloto a mwana, kapena mau a sing'anga amene walipidwa, ndiwo umboni? Ngakhale lamulo la dziko lino la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mai wa Chigwirizano amene wawerenga mutu wonsewo sangaime m'gulu la oponya miyala. Malo ake ndi pa khomo la gogoyo, atavala zoyera zake, kuti oponyawo achite manyazi.

Zina tingozitchula mothamanga. Masiku ano ndime zimatipeza pa foni, pa wailesi ndi pa misonkhano ya m'misika, ndipo zambiri zimabwera zili zoduladula. Akutiuza kuti tidzale mbeu ya ndalama kwa mlaliki kuti tikolole zochuluka, potchula 2 Akorinto 9. Koma tikawerenga mitu 8 ndi 9 yonse tipeza kuti Paulo anali kusonkhetsa thandizo la Akristu osauka a ku Yerusalemu, ndipo anasamala kuti ndalamazo zinyamulidwe ndi anthu osankhidwa ndi mipingo, kuti pasakhale womukayikira. Ena akuuzidwa kuti ataye mankhwala a kuchipatala ngati ali ndi chikhulupiriro. Koma mneneri Yesaya, atanena kuti Mulungu adzachiritsa mfumu Hezekiya, analamulanso kuti aike nkhuyu pa chotupa chake, monga tiwerenga pa 2 Mafumu 20. Ndipo Luka, amene analemba Uthenga Wabwino ndi Machitidwe, Paulo akumutchula kuti sing'anga wokondedwa. Tipemphere ndithu, tiitane akulu a mpingo, koma wodwalayo tipite naye ku St Gabriel's ku Namitete, kapena kwa Kabudula, kapena ku chipatala chilichonse chimene tili nacho pafupi, ndipo wa mankhwala a tsiku ndi tsiku asadumphitse.

Kufunsa ndi kufufuza si mwano. Pa Machitidwe 17 anthu a ku Bereya akuyamikiridwa kuposa a ku Tesalonika chifukwa analandira mau mokondwa, komanso tsiku ndi tsiku ankafufuza m'Malembo kuti aone ngati zinalidi choncho. Amene ankamufufuzayo anali Paulo mtumwi! Ndipo ndime yotsatira ikutiuza kuti mwa okhulupirirawo munali amai omveka. Ngati Paulo sanakwiye pofufuzidwa, mlaliki woona wa lero sangakwiye mai akamufunsa mwaulemu kuti, pepani bambo, mau amenewa ali pati, ndipo pamwamba pake ndi pansi pake palembedwa zotani? Akulu anati safunsa anadya phula.

Komatu kudziwa mitu ndi ndime si nzeru ai. Elifazi sanali mbuli. Zambiri zimene ananena za ukulu wa Mulungu zinali zomveka, ndipo n'zoona kuti nthawi zina munthu amakolola zimene anadzala. Chimene anasowa ndicho kudziwa kuti mau amenewo si a munthu uyu, pa tsiku ili. Tsegulani Miyambo 26. Ndime 4 ikuletsa kuyankha chitsiru monga mwa uchitsiru wake, ndipo ndime 5, yogundana nayo, ikulamula kuchiyankha. Kodi wolembayo anaiwala zimene anangolemba kumene? Iai. Anaziika pamodzi dala, kuti tidziwe kuti ilipo nthawi yoyankha ndi nthawi yokhala chete, ndipo Buku silingatiuze kuti lero pa chitsime, kapena pa chigayo, kapena pamaso pa apongozi, nthawi yake ndi iti. Chimenecho chimapemphedwa kwa Mulungu.

Mfumu Solomo atafunsidwa chimene afuna, pa 1 Mafumu 3, anapempha mtima womvera kuti athe kusiyanitsa zabwino ndi zoipa. Mlandu woyamba umene tikuuwerenga pambuyo pake unali wa amai awiri olimbirana khanda, popanda mboni. Panalibe lamulo la Mose lonena kuti mwanayo ndi wa uyu. Solomo anadziwa mtima wa mai wobala, ndipo ndi umene unaweruza mlanduwo. Milandu yambiri imene imatipeza ife ndi yotero. Mtsikana wa m'kalasi wapezeka ndi pakati. Mpongozi ndi mtengwa sakulankhulana. Mwamuna wagulitsa chimanga cha m'nkhokwe mwezi wa June. Mnzathu wabwereka ndalama za gulu ndipo sakubweza. Aliyense wa ife angathe kupeza ndime yokwapulira wolakwayo. Koma Yakobo, pa mutu 1 ndime 5, akutiuza kuti wosowa nzeru apemphe kwa Mulungu, amene amapatsa mosaumira ndi mosatonza. Ndipo pa mutu 3 akutipatsa zizindikiro zoidziwira nzeru yochokera kumwamba: ndi yoyera, imakonda mtendere, ndi yofatsa, imamva za ena, ndi yodzala chifundo, ilibe tsankho kapena chinyengo. Tikadayesa mau athu a pa mphasa paja ndi muyeso umenewu, tikadaona kuti chifundo munalibe, ndipo tikadatseka Buku n'kungokhala naye chete monga abwenzi a Yobu anachitira masiku asanu ndi awiri oyamba aja.

Wina asanene kuti zimenezi n'za abusa ndi akulu a mpingo okha. Pa 2 Mafumu 22 tikuwerenga kuti m'chaka cha 18 cha ufumu wa Yosiya, pokonza Kachisi, wansembe wamkulu Hilikiya anapeza buku la chilamulo limene linali litaiwalika. Tangoganizani, Buku la Mulungu kusowa m'nyumba ya Mulungu momwe! Tisadabwe kwambiri, pakuti m'nyumba zathu zina Baibulo lili pansi pa sutukesi, ndipo ntchito yake ndi kusunga makadi a sikelo ndi malisiti a feteleza. Mlembi Safani ataliwerenga pamaso pa mfumu, mfumuyo inang'amba zovala zake, ndipo inatuma nduna zake kukafunsa kwa Mulungu. Yeremiya anali atayamba kale uneneri masiku amenewo, koma nthumwizo zinapita kwa mai, mneneri Hulida, mkazi wa Salumu wosunga zovala. Iye ndiye anamasulira mau a bukulo kwa wansembe wamkulu ndi kwa mfumu. M'Chipangano Chatsopano, Priskila pamodzi ndi mwamuna wake Akula anamutengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa kulankhula, namufotokozera njira ya Mulungu molondola koposa. Sanamuchititse manyazi pa gulu. Ndipo chikhulupiriro cha Timoteo chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi mai ake a Yunike. M'midzi yathu muno, amene amafika msanga pa matenda ndi pa maliro ndi ife. Amene amalangiza namwali ndi ife. Amene mwana amayamba kumva dzina la Yesu pakamwa pake ndi ife. Tikapotoza mau, apotokera mudzi wonse.

Tikudziwa kuti nthawi ndi yochepa. Mai wa kuno amadzuka nkhuku zisanatsike, ndipo nyengo ya fodya amasoka mpaka usiku m'chigafa. Baibulo lili ndi mitu 1,189, ndipo amene angawerenge mitu itatu kapena inai pa tsiku angalimalize pa chaka. Koma ife sitikulimbikitsa liwiro. Inu mumadziwa kusankha fodya. Simutenga mtolo wonse n'kuuponya pa mulu umodzi. Mumatenga tsamba limodzi, kulitambasula, kuliyang'ana pa kuwala, kuona mtundu ndi utali wake, kenaka n'kuliika pamalo pake. Wosankha mothamanga belo lake limabwezedwa ku okushoni. Mau a Mulungu tiwatambasule chomwecho. Mlozo ukatipatsa gawo la tsiku, tiyambe ndi pemphero lalifupi lopempha Mzimu Woyera atiunikire, kenaka tiwerenge kawiri, ndipo tidzifunse kuti akulankhula ndani, akulankhula kwa yani, ndipo zisanachitike izi kunachitika zotani. Funso loyamba lokhalo likadatipulumutsa ife kwa Elifazi. Pomaliza tifunse kuti mauwa akundiuza chiani ine, tisanafunse zimene akuuza mnansi wathu. Pakuti ambiri timawerenga Baibulo ngati galasi loonera anthu ena.

Amai amene simunapite ku sukulu, kapena amene maso ayamba kuchita chifunga, musadzione ngati otsalira. Pa Nehemiya 8, Ezara anawerenga chilamulo kuyambira m'mawa mpaka masana pamaso pa amuna ndi akazi, ndipo Alevi ankayenda pakati pa anthu kuwamasulira kuti amve tanthauzo. Ambiri a anthu a m'Baibulo analandira mau ndi makutu. Itanani mdzukulu akuwerengereni madzulo, ndipo akafuna kuima pa ndime imodzi muuzeni apitirize. Mudzapindula awiri, pakuti iye ali ndi maso, inu muli ndi zaka. Kumene kuli sukulu ya kwacha, pitani, musachite manyazi ndi imvi. Ndipo pamene tavutika tonse, tisunge funsolo mpaka tikumane ndi abusa, monga nduna ya ku Etiopia ija inavomera kwa Filipo kuti siingamve za Yesaya popanda woitsogolera, ngakhale inali yosunga chuma chonse cha mfumukazi.

Mwina mukufuna kudziwa za mnzathu uja. Phunziro la Yobu litatha, tinakhala pansi osayang'anana. Mai wina wachikulire ndiye anatikumbutsa kuti nkhani ya Elifazi siinathere pa kudzudzulidwa: Mulungu anamutuma iye ndi anzake kuti atenge ng'ombe zamphongo zisanu ndi ziwiri ndi nkhosa zamphongo zisanu ndi ziwiri, apite kwa Yobu yemwe anamulakwira, ndipo Yobuyo ndiye awapempherere. Ng'ombe tinalibe. Tinatenga nkhuku imodzi ndi lichero la mtedza, tinapita anthu anai okha, osavala zoyera. Tinamupeza akusenda chimanga pa khonde. Titapereka moni tinamuuza kuti, mai, tabwera kudzapepesa. Mau amene tinakuwerengerani tsiku lija sanali a Mulungu kwa inu, anali a munthu amene Mulungu anamudzudzula, ndipo ife tinawerenga osadziwa. Anakhala chete nthawi yaitali, manja ali pa chitsononkho. Kenaka anatiuza kuti usiku uliwonse kuyambira tsiku lija ankafufuza moyo wake kuti apeze tchimo limene linapha ana ake, ndipo posalipeza anayamba kuopa kupemphera. Tinalira tonse. Tinamupempha kuti atilole timuwerengere mutu 42 wonse, ndipo titamaliza tinamupempha kuti atipempherere iye. Anakana kawiri, kachitatu anagwada.

Sanabwerere ku Chigwirizano sabata yomweyo ai. Panapita miyezi ina iwiri. Lero ali nafe pano, ndipo ndi iye amene anatilola kuti nkhaniyi tiinene. Anatipempha chinthu chimodzi, ndipo komiti yavomera: kuti pa misonkhano yathu ya miyezi ikudzayi tiwerenge kalata ya Yakobo yonse, mitu isanu, mutu umodzi pa msonkhano uliwonse, mokweza, osadumpha ndime. Aliyense abwere ndi Baibulo lake, ndipo amene ali nalo la zilembo zikuluzikulu akhale pafupi ndi agogo.